Madzi a Kuno Sachita Thovu

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino. Ife kuno kunyanja tazolowera. Bambo akunyumba ntchito ikuyenda, ndipo mpopi uli pakhomo penipeni, moti zosenza ndowa ndinaiwala. Koma madzi akewo! Sopo sachita thovu, umachapa mpaka manja kuwawa. Ketulo munandipatsa paukwati ija yayera mbuu m'kati ngati apakamo laimu. Tiyi amamveka kamchere, komabe timamwa.

Masiku ano ndikumadzuka ndi nseru, ndiye ndinadandaulira mayi oyandikana nafe kuti madziwa andidwalitsa. Anangondiyang'ana, n'kuseka chikhakhali. Amvekere, "Mwanawe, madziwa tamwa zaka zonsezi. Usanamizire mpopi, kawalembere azakhali ako."

Ndiye ndalembatu. Amayi musawauze kaye.

Ndine mwana wanu wokusowani.