Zimene Ndinamva Kumapeto kwa Uthenga Wanu

Lachinayi, 9 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Pepani kuti ndakuvutitsani ndi kalata, ndikudziwa kuti mumatanganidwa ndi mwana. Ndikati ndikuimbireni, ndimangobwezanso foni m'thumba.

Kuno tili bwino. Ndikaweruka kosoka ndikumapitabe kukaphunzira chilankhulo cha kumeneko, kuti ndikadzabwera kudzalera mwana ndisadzakuchititseni manyazi. Aphunzitsi amati tiyambe tazoloweretsa makutu. Ndiye aliyense amabweretsa mawu ojambulidwa pa foni, timaika foniyo m'kapu yopanda kanthu kuti imveke kwambiri, tonse n'kumamvetsera.

Lolemba inali nthawi yanga. Ndinatsegula uthenga uja munanditumizira, wofotokoza za kumsika m'chilankhulocho. Mayi wogulitsa nsapato amene timakhala benchi limodzi anati, "Iwe, mkulu wakoyu lilime limeneli analigula kuti? Atigulireko!" Tonse tinaseka, ine ndikunyadira.

Chakumapeto kumamveka chitseko, kenako alamu akulankhula chapatali. Kunyumba ndinkangoti akukupatsani moni. Koma m'kapu muja zinamveka bwinobwino. Aphunzitsi anathamanga kudzazimitsa foni, n'kunena kuti, "Kwa lero basi." Sanandiyang'ane kumaso.

Sindinawafunse, mukundidziwa. Ndinakakhala kuseri kwa nyumba n'kumabwereza pamenepo mpaka batire kutha. Mawu ena tinaphunzira kale: "khala chete", "tuluka", "mwana ndi wanga". Ndinamvanso chinthu chikusweka, ndi inu mukupuma mmene munkapumira tili ana mukamabisa kulira. Kenako munamaliza bwinobwino kuti, "Uzilimbikira, mng'ono wanga." Kaya munaiwala kufufuta, kaya munafuna kuti ndimve, sindikudziwa.

Amayi sindinawauze. Tsiku lililonse amati ndiwatsegulire uthengawo. Samvapo kanthu, amangomwetulira kuti mwana wawo akulankhula ngati wobadwira komweko. Ine ndimazimitsa foni chitseko chija chisanamveke.

Ngati ndamva molakwa mundikhululukire, sukulu yanga ndi yochepa. Koma ngati ndamva bwino, ndifulumire kubwera, kapena inuyo ndi mwana mubwere kuno? Bedi lanu lilipo, ndimangoikapo nsalu za kosoka.

Amayi akupereka moni kwa inu, kwa mwana ndi kwa alamu. Wanga ndi wa inu ndi mwana.

Chonde yankhani msanga, m'chilankhulo chathu, pamene muli nokha.

Ine,
mng'ono wanu