Ndaveka ninja wa alamu belu la mbuzi

Aphungu,

Ndine mnyamata wa zaka 16, ndili Fomu 3, ndipo ndimakhala ndi achemwali anga ndi amuna awo. Vuto langali mwina muliseka. Sekani, koma mundiyankhe lisanafike Lachisanu la sabata yamawa.

Alamu anga amakonza mafiriji. Akaweruka amasamba, amadya, kenako amakhala pa sofa n'kuyatsa gemu yawo ya ninja. Ndi gemu yankhanza. Ninja wake amavala zakuda, ali ndi lupanga limodzi ndi tinyenyezi tachitsulo toponya, ndipo aliyense amene wakumana naye panjira amafuna kumupha, ngakhale agalu. Ukangophethira, wafa. Alamu anatenga miyezi inayi kuti adutse zigawo zisanu ndi zitatu, ndipo miyezi itatu yapitayi akhala ali pamalo amodzi: pamlatho woyaka moto, pamene pamaima mayi wina wamtali wa malupanga awiri. Mayiyu alamu anamupatsa dzina loti Apongozi, koma amalitchula achemwali akakhala kukhitchini. Ine ndimakhala ngati sindinamve, poti apongozi awo enieni ndi mayi anga.

Malo anga ndi kumapeto kwa sofa, mbali imene siponji inatha, buku la bayoloje lili pamiyendo. Lamulo ndi limodzi: "Ndikakhala pankhondo, woonerera salankhula." Ndiye ndimangoyang'ana. Kuyang'ana ndiye ndimatha. Ngakhale kusukulu ndimakhala kumbuyo pafupi ndi windo, ndipo pali aphunzitsi ena amene mpaka pano amandifunsa ngati ndine watsopano. Kumapeto kwa kope langa ndakhala ndikulemba kamzere nthawi iliyonse alamu akafa. Timizereto tafika 312. Ndinalembamonso zimene ndaona: Apongozi amatema katatu, kenako amatsitsa phewa lakumanzere, ndipo akatero ndiye kuti kukubwera chidendene cha kumaso. Alamu sanazionebe zimenezi. Iwo amangothamangira kutsogolo akudina mabatani onse ngati akupha nyerere, chifukwa amati kutchinga n'kwa amantha. Timabotolo ta mankhwala obwezera moyo amatimaliza akulimbana ndi asilikali wamba a pamasitepe, pofika pamlatho m'thumba mulibe kanthu. Akafa amatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Waona, mlamu? Akuba awa! Ndinadina ine!" Ine ndimati, "Munadinadi." Masiku ena mawu amenewa ndi okhawo amene ndimalankhula ndi munthu tsiku lonse, kupatula kuyankha dzina m'kalasi.

Gemuyi ilinso ndi mwano. Ukafa kambirimbiri pamalo amodzi, imakufunsa ngati ukufuna njira yofewa. Funsoli likatuluka, alamu amaimirira. "Ukufunsa ine? Bambo wa mwana? Munthu wokwera ndi firiji pamsana mpaka nsanjika yachitatu?" Amadina kuti ayi, kenako amandilalikira kuti vuto la achinyamata a masiku ano n'kukonda zofewa, moyo ulibe njira yachidule. Akamaliza ulalikiwo amandituma rimoti imene ili patebulo patsogolo pawo.

Sabata yatha kuntchito kwawo anawatumiza kutali kukaika mafiriji m'sitolo ina yatsopano, ndipo abwerako Lachisanu ndanena lija. Loweruka masana achemwali anapita kokaluka tsitsi, ndipo mwana wawo wa zaka ziwiri, amene timamutchula Injiniya chifukwa amadina chilichonse, anali mtulo. Ndinatenga padi, kachipangizo ka mabatani kosewerera kaja. Alamu sanandiletsepo kuigwira, koma sanandilolezeponso. Ndinkaganiza kuti poti ndikudziwa za phewa, ndithana nawo Apongozi msangamsanga n'kuzimitsa makina osasunga kanthu.

Aphungu, kudziwa kumakhala m'mutu, koma padi imagwiridwa ndi zala. Phewalo ndinkaliona likutsika, chala changa n'kufika ngati ozimitsa moto ofika phulusa litazizira. Ndikati ndigudubuzike, ndinkagwera m'moto. Ndikati ndidumphire pachipilala, chithunzi chinkatembenuka n'kundionetsa khoma, kumbuyoku akundisenda ngati mbatata. Tinyenyezi tanga ankatiphera m'mwamba ngati ntchentche. Kamodzi kokha ndinawatsitsa moyo mpaka theka, ndinasangalala, n'kuyang'ana kuchitseko ngati pali wondiona. Pobweza maso mutu wa ninja unali kwina, thupi kwina. Ndinafa ka 27.

Funso lija linatuluka. Ndinadina kuti eya. Gemuyo inafunsanso ngati ndatsimikiza. Eya. Inafunsa kachitatu, n'kuchenjeza kuti njira imeneyi ilibe pobwerera. Sindinganame kuti chala chinaterereka. Katatu konse? Ndinkangofuna kuona chimene chili kutsidya. Miyezi itatu ndakhala ndikuona chitseko chofiira kumapeto kwa mlathowo, ndipo ndinali nditatopa kuchilota.

Apongozi a njira yofewa anali ngati adwala malungo. Ankakweza lupanga pang'onopang'ono ngati akufunsa ngati ndakonzeka. Mphindi ziwiri zisanathe anagwa. Kuseri kwa chitseko chija ndinapezako masitepe ena ndi agalu ena, basi. Ndisanafikire batani lozimitsira, pakona pa TV panazungulira kachizindikiro kosonyeza kuti gemu yasunga yokha. Ndipo pofuna kuti dziko lonse lidziwe, inamangirira ninja wa alamu belu la mbuzi m'khosi. Akangosuntha phazi, ngwe ngwe ngwe. Ninja, munthu woti aziyenda ngati mthunzi, akumveka ngati njinga ya ayisikilimu.

Ndafufuza pafoni ya achemwali masiku atatu. Belulo silichoka ndipo Apongozi sadzukanso, pokhapokha utayambira pachiyambi penipeni. Nditawauza achemwali, anavina ndi tsitsi lawo latsopano. "Wafa mayi uja? Zikomo Ambuye! Mwina tsopano bambo ake Injiniya aona kuti firiji ya m'nyumba muno ikudontha." Ataona nkhope yanga anati, "Usadandaule iwe, tinena kuti ndi Injiniya." Dzulo alamu anaimba foni n'kupempha kuti alankhule ndi ine, zimene sanachitepo. "Mlamu," anatero, "ndawalota Apongozi. Nzeru ndaipeza. Tsiku lobwera ine ukhale pamalo pako, uone mbiri ikulembedwa." Ndinati chabwino.

Sindikuopa kumenyedwa, alamu samenya. Ndikuopa kuti adzazula makinawo n'kukawaika kuchipinda kwawo, kumene ine sindilowa, ndipo madzulo anga adzabwerera kukhala ine ndi denga. Ndinamizire Injiniya? Ndifufute zonse ndinene kuti magetsi anathima molakwika? Kapena ndijombe kusukulu ndiyambirenso gemuyo, mwina pofika Lachisanulo ndingafike pamlatho? Mayeso akuyamba Lolemba. Ndithandizeni.

W.N., Fomu 3

Mwanawe W.N.,

Patebulo langa pafikapo makalata a olandidwa amuna, olandidwa minda, ngakhale wina wolandidwa mano oikirira, koma wopha mdani wa mlamu wake ndiwe woyamba. Ndaseka, poti unandiloleza. Tsopano tikambe.

Uyambe wadziwa kukula kwa mlandu wako. Sunaswe makina, koma unadya chinthu chimene munthu wakhala akudzisungira miyezi itatu. Bambo amene tsiku lonse makasitomala amamukalipira kuti firiji ikulirabe, madzulo amafuna mdani mmodzi woti tsiku lina adzamugwetse ndi zala zakezake. Iwe wamulanda mdaniyo n'kumusiyira belu. Kwa ife a kunja n'zoseketsa, kwa mwini wake ndi maliro.

Nzeru zako zitatu zija zonse n'zowola. Injiniya umusiye. Mwana wa zaka ziwiri woyankha mafunso atatu motsatizana n'kugwetsa mayi wa malupanga awiri sakhala panyumba, amamuonetsa pa nkhani za madzulo. Komanso bodza lopangana ndi achemwali ako silingakhalitse. Tsiku loyamba kukangana za firiji yodonthayo lidzatuluka lokha, ndipo lidzatuluka iwe uli pakati. Kufufuta ndiye kuwotcha nyumba pofuna kubisa kapu yosweka. Zojomba usayerekeze n'komwe. Munthu wafa ka 27 masana amodzi sangadutse zigawo zisanu ndi zitatu m'masiku khumi. Ungolephera kuwiri, kwa ninja ndi kwa bayoloje.

Chita izi. Lachinayi madzulo ubwereke foni ya achemwali ako, uwaimbire alamu akowo wekha. Usadikire kuti adzamve belu ali kale pa sofa, atapinda manja a malaya. Unene mwachidule: ndinasewera gemu yanu osapempha, ndinasankha njira yofewa, mayi uja wafa, pepani. Osawonjezera za khoma, za moto kapena za chitseko chofiira. Akakhala chete, usadzaze cheteyo ndi zifukwa. Ulendo wa pabasi ndi wautali, mkwiyo wambiri udzatsikira m'njira, pakhomo padzafika wotsala.

Akafika, uwalandire chikwama, uwasiye asambe. Nkhani ikayamba uwauze kuti ukudziwa kuti palibe njira ina koma kuyambiranso, ndipo ngati akulola udzakhala pomwepo kuyambira chigawo choyamba. Apa ndikuuze chinsinsi cha abambo a pa sofa. Munthu wokuimbira foni ali kutali kuti udzakhale pamalo pako sakufuna TV yokha, akufuna mboni. Kufa ka 312 uli wekha ndi matenda, koma kufa ka 312 wina akukuvomereza kuti unadinadi ndi masewera. Ndipo kuchipinda kumene ukuopako kuli achemwali ako. Sindikuwaona iwo akulola mayi wamtali wa malupanga awiri kulowa m'chipinda chawo. Mwina alamu adzakulanga sabata imodzi kapena ziwiri osakuyang'ana. Ulandire, mayeso ako apindule.

Za kope lija. Tsamba la phewa ndi chuma, koma usalitulutse Lachisanu, lidzaoneka ngati ukudzitama pamaliro. Dikira mpaka adzafikenso pamlatho, ndipo nkhondo ikaima udzazinene ngati funso: "Alamu, kodi phewa lija amatsitsiranji?" Uwasiye atulukire okha nzeru yako, adzakulalikira nayo mwezi wathunthu, iwe uzingogwedeza mutu. Tsamba la timizere ulimate ndi guluu lero lomwe. Palibe mwamuna amene amafuna kudziwa kuti m'nyumba mwake muli kalaliki wowerenga imfa zake.

Ndili ndi mawu ena okhudza iwe. Maso oona phewa limene wamkulu walephera kuliona miyezi itatu si maso owonongera pa windo. M'kalasi mwanumo simungalephere kukhala wina amene akufa pa mlatho wakewake, wa gemu kapena wa masamu. Umufunse. Mbali imodzi ya sofa, yopanda siponji, ndi yochepa kukhala dziko lonse la mnyamata wa zaka 16.

Chenjezo langa ndi ili. Alamu ako akadzayamba kukalipa, pali mawu atatu amene adzakufika pakamwa, ndipo mwina udzawamva akuchokera kukhitchini: "Ndi gemu chabe." Achemwali ako ali ndi chilolezo chowanena, anakwatirana nawo. Iwe ukadzangowatchula, kupepesa kwako konse kwalowa m'madzi, chifukwa ukhala wawauza kuti miyezi isanu ndi iwiri ya madzulo awo, amenenso anali madzulo ako, inali yopanda pake. Luma lilime. Akakalipa, mvetsera mpaka amalize. Akaseka, useke mochepa kuposa iwo.

Aphungu