Khadi la Amayi Linatsala M'kabati

Achimwene,

Kuno ku Kakumbi mvula yagwa kuyambira m'mawa, tsopano ndi masana. Muli bwanji ku Kitwe? Ine ndilipo, koma amayi agonekedwa.

Lachiwiri chibayo chinawagwira mwadzidzidzi, galimoto ya kuloji yogona alendo inatitengera kuchipatala chachikulu. Dokotala anafuna khadi lawo. Khadilo amatisungira kukiliniki kwathu, ndipo wamakiyi anali kumaliro. Munkati kwanuko zolembedwa za odwala amasunga m'kompyuta, kuno zili m'kabati yokhoma.

Ndinanena chapansipansi kuti penisilini amawatupitsa. Nesi anati, "Zalembedwa pati, iwe?" Kenako anawabaya penisiliniyo. Tsopano nkhope yatupa, ngakhale madzi akuvutika kumeza.

Chonde bwerani, inu amakumverani. Mubweretse kabuku, ndizilembamo ndekha matenda awo, kazikhala m'manja mwanga. Mulungu akusungeni.

Ndamaliza Lachisanu, 3 koloko masana.

Mlongo wanu,
Tisa