Dzina Limene Ndinalidula ndi Lumo

Mchengautuwa,
Mzuzu.
6 Epulo 1986.

Okondedwa achemwali anga a Jenet,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu ndi alamu ndi ana onse kumeneko ku Chinamwali. Nanga amayi, bondo lija likuwalola kupita kumunda? Mafuta opaka aja ndinatumiza anawathandiza, kapena angowasunga m'sutikesi monga amachitira ndi chilichonse chatsopano? Kuno tonse tili bwino. A Paison akupitabe ku galaja, ana akupita kusukulu, ndipo mvula ya ku Mzuzu ikugwa ngati ilibe kwawo. Zovala zimatenga masiku atatu kuti ziume.

Thupi langa lili bwino, koma mtima ayi. Kalata iyi sindinaiponye ku positi. Ndapatsira a Moses, dalaivala wa lole ya matabwa amene timapemphera nawo, kuti akupatseni pamanja. Mukawerenga mudziwa chifukwa chake.

Mavuto athu a kuno mukuwadziwa kale. Chaka chatha analengeza kuti Mzuzu tsopano ndi mzinda, ife n'kuvina mpaka miyendo kuwawa, koma kuno ku Mchengautuwa nyumba zikumera ngati bowa pamene mipope kulibe. Madzi timakatunga pa chitsime cha kudambo, ndipo nyengo ino ndi matope okhaokha. Akuba nawo atitopetsa. Zovala za pachingwe, nkhuku, ngakhale mbaula amanyamula. Ukafuna wapolisi uyenera kuyenda wapansi mpaka m'tauni, ndipo pobwerera upeza wakuba wadya kale nkhuku ija n'kusamba m'manja.

Mu Novembala ndinatopa nazo. Tsiku lina pa nthawi ya nkhomaliro, abwana atatuluka, ndinaika mapepala awiri ndi kaboni pakati m'makina otaipira a ku ofesi, n'kulemba kalata yopita kwa phungu wathu wa ku Nyumba ya Malamulo. Ndinalemba m'Chingerezi chija asisitere ankatikwapulira kusukulu. Ndinapempha mipope itatu, kapolisi kakang'ono ka m'dera, ndi galimoto yotola zinyalala kamodzi pa sabata. Penapake ndinalemba kuti Mzuzu wasanduka mzinda, koma makosi a amayi a ku Mchengautuwa sanaumve uthengawo, akusenzabe ndowa ngati kumudzi. Sindikudzitama, achemwali, koma ndataipa makalata a anthu ena zaka zisanu ndi zinayi, ndipo iyi yokha ndiyo inali yanga kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Nditamaliza, mantha anandigwira. Inu mukudziwa mmene zinthu zilili. Munthu wodandaula amatchedwa wosayamika, ndipo wosayamika sachedwa kupatsidwa dzina lina lija limene sitilemba m'kalata. A Paison atawerenga anati ngati ndikufuna kuti ana akule opanda mayi, ndisayine. Ife kuno ndife obwera, tilibe amalume oti akatilankhulire.

Ndiye ndinaganiza za a Dinah Luhanga, oyandikana nafe nyumba, amene kuno timawatcha a NyaLuhanga. Ndi mbadwa ya konkuno, amagulitsa nthochi ndi usipa pamsika, sukulu analekezera sitandade 4, ndipo Chingerezi chawo chimathera pa moni. Ndinawauza kuti ndi kakalata kopempha mpope chabe, koma kakufunika dzina la mwini nthaka. Anapukuta manja pa chitenje, n'kulemba dzina lawo pang'onopang'ono, lilime lili panja. Mumtima ndinati zikavuta, galimoto idzaima pakhomo pawo, osati panga. Ndikuulula kwa inu nokha kuti ndinaganizadi choncho.

Panatsala kanthu kamodzi. Ife otaipa tili ndi chizolowezi chakuti pansi pa kalata iliyonse, chakumanzere, timaika zilembo zoyamba za maina athu, kuti abwana adziwe amene wataipa. Zala zanga zinachita zokha, zinaika M.K., Malita Kambalame, ndipo ndinazindikira kalata atasayina kale. Ndinatenga lumo, n'kudula kamzere ka pansi kaja, n'kukaponya pa mbaula. Koma pa kope la kaboni zilembozo zinatsala, pamodzi ndi tsiku. Kopelo ndinalephera kuliwotcha, linandimvetsa chisoni. Ndilo pepala lija ndinakupatsani pa Khirisimasi kuti mundisungire m'buku la nyimbo la malemu abambo. Ndipo mu Januwale, nditamva kuti kalata yafikadi m'manja mwa aphungu, ndinakutumizirani mawu kudzera mwa a Moses omwewa kuti muliwotche msanga.

Tsopano imvani zimene zachitika. Masabata awiri apitawo, tikudya chakudya chamadzulo, wailesi inkafotokoza zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo, kwanu komweko ku Zomba. Tsikulo nkhani inali ya makhonsolo a m'matauni. Phungu wina anadandaula za ngalande zotsekeka za kudera kwake. Wina anati apolisi achepa poyerekeza ndi mmene anthu akuchulukira m'mizinda. Wina anati anthu a m'tauni aleke ulesi, azikumba okha maenje a zinyalala m'malo moyembekezera khonsolo. Ine ndinkangomvera ndi khutu limodzi, mpaka anatchula phungu wathu. Akuti anaimirira, anathokoza boma monga mwa mwambo, kenaka anatulutsa kalata m'thumba la jekete n'kuiwerenga yonse. Atafika pa makosi paja akuti Nyumba yonse inaseka n'kumenya matebulo. Mbale inatsala pang'ono kundipulumuka.

Anduna anayankha kuti kalata yotere ndi chitsanzo cha nzika yokonda chitukuko, yodziwa kupempha mwaulemu. Analonjeza mipope itatu ndi kapolisi ku Mchengautuwa chaka chino chisanathe, ndipo za zinyalala anati aziona. Ndiye wowerenga nkhani uja anatchula dzina la mayi wanzeru amene analemba kalatayo, kawiri konse: Mayi Dinah Luhanga. Kodi inu simunamve? Kapena munamva n'kumangoti ndi mayi wina wake wa kumpoto?

M'mawa mwake pakhomo pawo panali ngati pali ukwati. Amayi a chipani anabwera ndi nthungululu n'kuwaveka chitenje chatsopano. Kutchalitchi kwawo abusa anawaimiritsa kuti mpingo uwaone. Anthu oyeza malo a mipope akafika amayambira kwa iwo, ndipo chikhomo cha mpope woyamba achikhomera pafupi ndi mpanda wawo, moti ine ndizidzadutsa pakhomo pawo ndi ndowa yanga m'mawa uliwonse. Ngakhale ku ofesi abwana anga anandiuza, anthu onse akumva, kuti ndipite kwa mayi wa nthochi uja akandiphunzitse kalembedwe ka kalata. Ndinangoti inde bwana, ndikuluma mlomo.

A NyaLuhanga akayamikiridwa amangoti yewo chomene, manja ali pachifuwa, ngati mawu aja anawatola m'dengu la usipa. Ndikamva yewo ameneyo ndimangolowa m'nyumba. Nsanje ndi tchimo, ndikudziwa, koma ndili nayo, ndipo yandidya mpaka masiketi ayamba kundikulira. Akulu anati chitsiru chinaomba ng'oma, ochenjera navina. Ine ndinkadziyesa wochenjera pa tsiku la lumo lija, koma lero amene akuvina ndikuwaona pa windo.

Zikanathera pa chitenje ndikanapirira. Koma pa 26 mwezi uno nthambi ya chipani ikhala pansi kusankha dzina la munthu woti akaimire dera lathu ku khonsolo ya mzinda, ndipo paliponse pakumveka dzina limodzi. Ukhansala, achemwali. Kumeneko mapepala onse ndi a Chingerezi, ndipo pakati pa ine ndi iwo ndani angawawerenge? Mpandowo ndikuufuna. Sindinkadziwa kuti ndimaufuna mpaka nditauona ukupita kwa wina.

Lachisanu ndinalimba mtima n'kupita kwa a NyaLuhanga. Ndinawapeza akusankha usipa m'lichero. Ndinayamba mozungulira, kuti mwina ndi bwino anthu adziwe kuti kalata ija tinathandizana. Anandimvetsera mpaka kumapeto, osakwiya, osasiya ntchito yawo. Kenaka anandiuza, m'Chichewa chawo chokoka chija, kuti iwo sukulu sanapite nayo patali, koma amadziwa kuti munthu sapatsa mnzake nthochi yokoma kuti amulawire, amampatsa imene akuikayikira. Anati anadziwa tsiku lomwelo chifukwa chimene ndinafunira dzina lawo, koma anasayinabe chifukwa khosi lawo linatopa ndi ndowa.

Analowa m'nyumba n'kutulutsa kathumba. Munali bulangete, sopo, Baibulo lawo la Chitumbuka ndi chitenje chakale. Akuti kanakhala kuseri kwa chitseko miyezi inayi, ndipo anali atauza kale ana awo kuti galimoto ikadzabwera kudzawatenga, anawo adzapite kwa azakhali awo ku Katoto. Anati mawu ndi anga, sakukana, koma miyezi inayi imeneyo ndi yawo. Ngati ndikufuna kukanena ku msonkhano ndikanene, iwo sadzanditsutsa, koma ndikanene zonse. Pomaliza ananditapira usipa kuti ndikaphikire ana.

Ndinabwerera kunyumba ndi manyazi, usipa uli m'manja. Mungaganize kuti nsanje inathera pomwepo. Sinathe. Yawonjezeka, chifukwa tsopano ndikuwachitira nsanje ngakhale pa kathumba kaja.

Pempho langa ndi limodzi. Tsegulani buku la nyimbo la abambo, pa nyimbo ija ankaikonda, muone ngati pepala lija lilipo. Ngati lilipo mupatsire a Moses, abwerera kuno Lachinayi la sabata ya mawa. Popanda pepalalo palibe amene angandikhulupirire, adzangoti mlendo wa kumwera wachita kaduka ndi mwana wa kuno. A Paison akuti ndizisiye, chifukwa pepala lomwelo lidzachititsa anthu kufunsa kuti bwanji zilembo zanga zili pa kope koma pa kalata ya aphungu palibe. Akunena zoona. Sindikudziwa ngati ndidzalitulutse pa msonkhano kapena ayi. Mwina ndikungofuna kuligwira, ndione M.K. uja ndi maso anga.

Ndikukudziwani, achemwali. Chiyambire tili ana simunaphwanyepo mawu a munthu. Amayi akati musatuluke, inu munkakhala m'nyumba ngakhale utsi ukukulizani misozi. Nditati wotchani, mwina munawotcha a Moses asanamalize kumwa madzi amene munawapatsa. Moyo wanga wonse ndakhala ndikukuyamikani chifukwa cha kumvera kwanuko. Lero lokha ndikupemphera kuti mawu anga aja munawanyozera.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma nkhaniyi musawauze, angayambe kusala kudya. Moni kwa alamu a Herbert, kwa azakhali a Peggy ndi onse a kwa Matawale, ndiponso kwa ana, makamaka Emily amene ndamva kuti wakhoza mayeso. A Paison akupereka moni kwa nonse.

Ngati pepala lija munaliwotcha, musadzivute ndi kulemba kalata yopepesa, mlandu si wanu. Ingowapatsani a Moses nkhata imodzi, ija mumaluka bwino ija. Ndizidzasenzera madzi a pa mpope wa a NyaLuhanga.

Tsalani bwino mwa Ambuye.

Ndine mng'ono wanu,
Malita.