Injini ya Galimoto ya Ukwati wa Tusekile

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tonse tili bwino, kungoti BP yanga yakweranso.

Kagalimoto kathu kofanizira galimoto zampikisano kaja tamaliza kuwotcherera, koma injini yandisowetsa mtendere. Amakaniko anaikamo yaikulu munkafuna ija. Loweruka tinakaiyesa mumsewu wa ku Kaporo. Titangoyenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa ngolo ya mpunga, inawira mpaka kuzima. "Bwana, iyi imafuna liwiro basi," anatero amakanikowo akuseka.

Nanga mdipiti wa ukwati umathamanga? Mwana wanu Tusekile adzatsike ndi velo, apongozi akukankha galimoto?

Ndawauza amakaniko aikemo injini yaing'ono, yopirira kutentha kwa Karonga. Chonde vomerezani msanga, ukwati wayandikira. Yaikuluyo ndaikutira bwino, mudzathamange nayo nokha mukabwera.

Ambuye akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Lusayo