Magazi Oyerekezera

Okondedwa azakhali Rukhsana,

Ndikhulupirira muli bwino ku Quettako, ndipo mawondo aja akukupatsaniko mpata. Kuno ku Multan dzuwa likuotcha koopsa, koma mango apsa.

Ntchito ikuyenda. Paja ndinakuuzani kuti timafufuza timaulusi titalititali ta m'thupi totchedwa RNA, tomwe kale akatswiri ankati n'zinyalala chabe. Taona kuti kamodzi mwa ito kamachuluka m'magazi chiwindi chikayamba kuuma, mwiniwake asanamve kupweteka kulikonse.

Sabata yatha tinasowa magazi a munthu wathanzi oti tiyerekeze ndi a odwala. Mnzanga Shabnam anandikoka mkono: "Tabwera kuno iwe, sudwala ndi chimfine chomwe. Tigawireko akowo!" Tinaseka. Zotsatira za magazi anga zitatuluka, Shabnam sanasekenso: kaulusi kaja kanali kochuluka. Akuti makina amanama nthawi zina, tibwereza Lolemba. Koma Shabnam, munthu waulesi uja, masiku ano akuchita kundiphikira tiyi osamutuma.

Azakhali, kodi malemu bambo anga anali ndi zaka zingati maso awo atayamba chikasu? Nanga agogo? Amayi musawafunse chonde, atanganidwa ndi kusoka zovala za ukwati wanga.

Ndine mwana wanu,
Mehwish