Israel Ndamuona pa Foni

Kitwe,
14 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino kumeneko ku Kapata. Kodi mwendo uja unaleka kutupa? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Lachiwiri kuntchito mnzanga anandiitana kuti ndidzaone kavidiyo koseketsa pa foni yake, akuti ka kwathu ku Chipata. Munali mnyamata akuvina pasiteshoni ya mabasi atanyamula kabotolo ka kachasu, anthu akumuwombera m'manja. Nanenso ndinayamba kuseka, Amayi. Kenako anatembenuka. Anali Israel wathu, atavala malaya amene ndinamutumizira pa Khirisimasi. Mnzangayo sindinamuuze kuti ndi mlongo wanga, ndipo mpaka lero ndikudzida.

Ndinamuimbira pa foni ya Precious, mwana wa aneba aja. Anali wokondwa kwabasi. Anandiuza kuti tsopano ali ndi anzake, anyamata oitanira mabasi, ndipo samutcha chitsiru ngati kusukulu kuja, amamutcha bwana. Amamupatsa mowa ndi chamba ulere, iye n'kumawavinira. Ndinamukumbutsa zimene tinkayeserera pakhonde, ine n'kumamupatsa botolo, iye n'kumakana. Mawu onse anawatchula osaphonya. Kenako anandifunsa kuti akakana azicheza ndi yani.

Precious akuti mwayamba kumutsekera m'nyumba mukamapita kumsika, ndipo tsiku lina anatulukira pawindo. Sindikukudzudzulani ayi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi mwamulera nokha. Koma mukudziwa kuti mutu wake umagwira zinthu pang'onopang'ono. Loko sangamuphunzitse kanthu. Iye amangoona kuti kunyumba kuli ukali, kusiteshoni kuli kuseka.

Pempho langa ndi limodzi. Mukalankhule ndi amalume a Ezekiel ku Kasenengwa kuti amutenge azikawathandiza kudimba. Amakonda kuthirira mbewu, ndipo mukamuyamikira amagwira tsiku lonse osadandaula. Ndikudziwa kuti kumudziko nakonso amatcheza kachasu. Sindikunena kuti akapulumuka. Kungoti njira ina sindikuiona. Tchuthi andikaniza mpaka Disembala, ndipo m'chipinda changa tikugonamo atatu.

Mundiperekere moni kwa azakhali, alamu ndi ana onse. Israel musamukalipire za kavidiyoko. Tisanadule foni anandifunsa ngati anavina bwino, ndipo ine ndinati inde.

Tsalani bwino, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Tamiwe